NKHANI ZA PANTCHITO: Ngozi Yomwe Sinavulaze Munthu

Ana athu ena amachoka kunyanja kuno kukafuna ntchito kumadera a fodya monga Nsaru, m'boma la Lilongwe. Kumeneko ena ali m'zigayo, ena m'zigafa, ena pa jeke yodindira mabelo.

Makampani akuluakulu amalemba ngozi zonse mu kompyuta, ndipo pulogalamu yake imayamba yafunsa kuti zomwe zachitikazo ndi za gulu liti. Gulu loyamba ndi pamene munthu wavulala, monga lamba wa chigayo akadula chala. Lachiwiri ndi pamene katundu yekha ndiye waonongeka, monga chigafa chikagwa usiku mulibe munthu. Lachitatu ndi pamene lamba waduka, wadutsa pafupi ndi nkhope ya mnyamata koma osamukhudza.

Gulu lachitatuli ndi lomwe ife timalitaya. Timathokoza Mulungu, timaseka, tasoka lamba uja, ntchito ipitirire. Chonsecho m'chaka cha 1931 katswiri wa ku America, Herbert Heinrich, analemba kuti pa ngozi imodzi yaikulu pamakhala ngozi zazing'ono 29 ndi zina 300 zosavulaza munthu. Akatswiri a lero amatsutsana za manambala amenewa, koma mfundo yake asodzi akuidziwa: bwato lomwe linalowa madzi dzulo nyanja ili bata, mwera ukadzaomba lidzamira.

Vuto lina ndi kuika ngozi m'gulu lolakwika. Wothyola fodya wonyowa ndi mame amatha kusanza, kumva chizungulire ndi mutu kaamba ka nikotini yemwe walowa pakhungu. Ambiri amangoti ndi malungo, choncho matenda a pantchito salembedwa paliponse.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 limalamula olemba ntchito kuteteza antchito awo, ndipo lamulo la chipukuta misozi la 2000 limapereka ufulu kwa wovulala. Koma ngati ngozi sinalembedwe, umboni udzachokera kuti?

Mwini chigayo sayenera kudikira kompyuta. Kope wamba ndi lokwanira: tsiku, malo, zomwe zachitika, gulu lake, ndi zomwe zakonzedwa. Chachikulu n'chakuti wonena asadzudzulidwe kapena kudulidwa malipiro, pakuti mnyamata woopa kuchotsedwa ntchito amangokhala chete. Inu makolo, mwana akaimba foni, mufunseni ngati pamalo pakepo pali kope lotere.