KODI MASEWELA AKALE A PA VIDIYO ANATHA NCHITO?

Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Mau amenewa ali pakamwa pa anyamata ambili masiku ano akaona masewela a pa vidiyo amene anali kusangalatsa anthu zaka 30 kapena 40 zapitazo. Iwo amati zithunzi zake n'zosakongola, nyimbo zake zili ngati kulila kwa nkhululu, ndipo munthu wanzelu sangataye nazo nthawi. Koma popeza mafoni afika m'midzi momwe, ndipo makolo akudandaula ndi ndalama zimene ana akuthela pa masewela atsopano, nkhani iyi iyenela kuunikidwa mofatsa.

KUMENE ANAYAMBILA

Masewela a pa vidiyo ndi aja amene munthu amayendetsa tizithunzi pa galasi la wailesi ya kanema, la kompyuta kapena la foni mwa kusindikiza mabatani. Oyamba kuchuka anali Pong, amene kampani ya Atari ya ku America inatulutsa mu 1972. Munalibe zambili: timizele tiwili m'mbali, ndi kadontho koyela kopita uku ndi uku ngati mpila wa tenesi. Makina oyamba anaikidwa m'nyumba ina yomwelamo mowa ku Sunnyvale m'cigawo ca California, ndipo patapita masiku ocepa analeka kugwila nchito bwino. Mmisili amene anawapanga, Allan Alcorn, atapita kukaona, anapeza kuti cotengela ca makobili cadzala mpaka kusefukila.

Mu 1978 Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito ku Japan anapanga Space Invaders, mmene wosewela amaombela adani 55 otsika kucokela kumwamba. Makina a nthawi ija anali ofooka. Adani akaculuka pa galasi anali kuyenda pang'onopang'ono, koma akamacepa makinawo anali kupepukidwa, ndipo otsalawo anali kuthamanga kwambili. Nishikado ataona kuti kufooka kwa makina kukuonjezela kukoma kwa masewela, anazisiya momwemo.

Pambuyo pake panabwela Pac-Man mu 1980, Tetris mu 1984 ndi Super Mario Bros. mu 1985. M'Zambia muno anthu ambili anadziwila masewela otele pa timakina ta mabatile togulidwa m'misika, timene ana anali kugwetsapo tinjelwa, ndiponso pa mafoni a Nokia. Masewela a kanjoka kodya ndi kutalika, ochedwa Snake, analowa m'foni ya Nokia 6110 mu 1997, ndipo mtundu wake waciwili unafalikila ndi Nokia 3310 ya mu 2000. Amene anagwilapo foni imeneyo akukumbukila mmene kanjokako kanali kudziluma mcila munthu atatsala pang'ono kupambana mnzake.

CINSINSI CA NSOLO

Palibe munthu amene amafunsa ngati nsolo inatha nchito. Maenje ake ndi omwe aja a makolo, miyala yake ndi yotola panjila, malamulo ake mwana amawagwila tsiku limodzi, komabe nkhalamba imatha zaka zambili ikuphunzilabe mocenjelela mnzake. Kukoma kwa nsolo kuli m'maganizo a osewela. Masewela akale a pa vidiyo amene akhalitsa ali ndi khalidwe lomweli.

Tetris anapangidwa ndi Alexey Pajitnov ku Moscow, pa kompyuta ya Elektronika 60 imene sinali kutha ngakhale kujambula zithunzi. Muli tinjelwa ta mitundu 7 yokha, kalikonse kopangidwa ndi timabokosi tinai. Timagwa kucokela pamwamba, ndipo wosewela amatitembenuza ndi kutiyala kuti mzele udzale ndi kufafanizika. Malamulo athela pomwepo. Koma anthu akupikisanabe mpaka lelo, ndipo mpikisano wa dziko lonse wa Tetris wakale unayamba mu 2010. Mu Disembala 2023 mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma anasewela Tetris wa pa makina a Nintendo, wa mu 1989, mpaka pa gawo la 157, pamene makinawo analephela kuwelenga naima. Palibe munthu amene anali atacitapo zimenezi m'zaka 34. Mwanayo anabadwa masewelawo atakalamba kale, koma sanawaone ngati tsabola wosawawa.

Pac-Man, amene anapangidwa ndi Toru Iwatani wa kampani ya Namco, ndi kamutu kacikasu kodya timadontho m'njila zokhotakhota uku kakuthawa mizukwa inai. Mlendo amaganiza kuti mizukwayo ikungoyenda cisawawa, pamene uliwonse uli ndi nzelu yake. Wofiila umalondola m'mapazi. Wapinki umathamangila kutsogolo kuti ukatseke njila. Wa mtundu wa lalanje umayandikila, koma ukafika pafupi umabwelela ku ngodya yake. Wosewela amene wazindikila zimenezi amafanana ndi mlenje wodziwa mayendedwe a nyama iliyonse.

Super Mario Bros. wa Shigeru Miyamoto amaphunzitsa popanda mau olembedwa. Poyambilila penipeni kamdani kamodzi kamabwela pang'onopang'ono, ndipo wosewela amazindikila yekha kuti ayenela kulumpha. Kenaka bowa umatuluka m'bokosi n'kumugunda, ndipo m'malo mofa iye amakula. M'mphindi imodzi waphunzila zoopa ndi zotola. Ndiye cifukwa cake mwana wosadziwa Cingelezi amasewela popanda womasulila. Masewela onsewo anakwana m'makilobaiti 40, malo ocepa kuposa cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi foni ya masiku ano, ndipo makaseti ake anagulidwa oposa 40 miliyoni.

SI ONSE ANALI ABWINO

Munthu asanamizidwe kuti cinthu ciliconse cakale n'cokoma. Mu 1982 kampani ya Atari inafulumiza masewela ochedwa E.T., amene anapangidwa m'masabata asanu okha kuti akumane ndi malonda a Khisimasi. Anthu atagula anakhumudwa ndipo ambili anabweza. Nthawi yomweyo msika unadzala ndi masewela osalongosoka a makampani ena, ndipo mu 1983 malonda a masewela a pa vidiyo ku America anagwa. Atari inakakwilila makaseti osagulidwa m'dzala la ku Alamogordo m'cigawo ca New Mexico. Ambili anali kuyesa nthano cabe, mpaka pamene anafukulidwa mu 2014.

Palinso cina. Masewela a m'makina oponyamo makobili anali kupangidwa olimba dala, kuti wosewela afe msanga n'kuponyanso ndalama ina. Ambili a panyumba analibe mosungila pamene munthu walekezela, motelo magetsi akazima kapena wosewela akalakwa katatu, anali kubwelela poyambila. Amene amawatamanda onse nthawi zambili akutamanda ubwana wao, ndipo mwana wa lelo amene alibe cikumbutso cimeneco sangakakamizidwe kuwakonda.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Masewela atsopano ali ndi zabwino zao. Zithunzi zake zimafanana ndi anthu enieni, a mpila wa miyendo amaonetsa osewela odziwika, ndipo munthu wa ku Chipata akhoza kupikisana ndi mbale wake wa ku Lusaka. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Ambili amafuna foni yodula, amamwa batile msanga, ndipo sayenda popanda intaneti. Ena amachedwa aulele, koma munthu akalowelela amapemphedwa kugula zovala, zida kapena mabokosi amene sadziwa zili m'kati mwake. Mu 2018 bungwe loyang'anila juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi otele, akamagulidwa ndi ndalama, ali m'gulu la juga.

Apa ndi pamene banja la kumudzi liyenela kuwelenga bwino. Ndalama ya mabandulo ndi yomweyo ya sopo, mcele ndi makope a kusukulu. Foni imene imachajidwa pa sola ya mnansi ndi yomweyo imene banja limalandililapo ndalama ndi kumvelapo uthenga wa odwala. Masewela monga Snake ndi Tetris wa pa timakina ta mabatile safuna intaneti, sapempha ndalama pakati pa masewela, ndipo amatha m'mphindi zowelengeka, mwakuti ana angapo akhoza kulandizana. Ndiponso n'zosavuta kwa kholo kuona zimene mwana akucita, popeza mulibe alendo osaoneka olankhula naye.

AKUTAYIKA

Pamene ena akunyoza, ena akuthamangila kusunga. Mu 2012 nyumba yosungilamo zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inalandila masewela 14, pakati pao Pac-Man ndi Tetris. Mu 2016 kampani ya Nintendo, imene inayamba mu 1889 ku Kyoto ndi malonda a makhadi osewelela, inatulutsanso kamakina kokhala ndi masewela 30 akale, ndipo timakina 2.3 miliyoni tinagulidwa m'miyezi yocepa. Mu 2017 foni ya Nokia 3310 inapangidwanso mwatsopano, kanjoka kali momwemo. Mu 2021 kaseti imodzi ya Super Mario Bros. yosatsegula inagulidwa madola 2 miliyoni.

Komabe ochuka okha ndiwo akupulumuka. Kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti mwa masewela 100 alionse amene anatuluka ku America caka ca 2010 cisanafike, 87 sakugulitsidwanso. Makaseti amaonongeka, makina amafa, ndipo makampani ena anatsekedwa. Pa cifukwa cimeneci pa intaneti padzala malo ogawa masewela akale popanda cilolezo ca eni ake. Ofuna kusewela acenjele nao malo amenewa, pakuti ena amabisamo mapulogalamu oononga foni kapena kuba manambala acinsinsi a ndalama.

ZOYENELA KUKUMBUKILA

Akale kapena atsopano, masewela ali ndi nthawi yake. Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linavomeleza kuti kulowelela m'masewela a pa vidiyo mpaka kusiya sukulu, nchito ndi abale ndi vuto lofunika cithandizo ca acipatala. Si wosewela aliyense amene ali ndi vutoli, koma mwana amene akugona usiku kwambili, kujomba kusukulu kapena kusiya mbuzi m'munda wa eni cifukwa ca foni ayenela kuthandizidwa msanga. Tetris nayenso akhoza kudya tsiku lathunthu munthu osazindikila.

Tsono yankho n'lakuti ambili mwa masewela akale anathadi nchito, ndipo palibe cifukwa cowalilila. Koma alipo owelengeka, monga Tetris, Pac-Man, Super Mario Bros. ndi Snake, amene akali okoma monga tsiku limene anatuluka, cifukwa anamangidwa pa malamulo ocepa ndi nzelu zakuya. Kwa banja losafuna kutaya ndalama pa mabandulo, amenewa ndiwo oyenela kuyambila. Makolo akulangizidwa kukhala pansi ndi ana ao, kuona okha zimene zili m'foni, kupangana nthawi yosewela nchito za kusukulu ndi za pakhomo zikatha, ndi kuyesako iwo eni. Ndipo batile ikatha, maenje a nsolo pansi pa mtengo akali kudikila.