Nkhandwe tikuiphera mlandu wa galu

Alimi anzanga a kuno ku Kasungu, sabata ino ndati ndiikire kumbuyo nyama imene ambiri a inu simufuna ngakhale kumva dzina lake: nkhandwe. Nkhuku ikasowa usiku, mlandu umagwera iyo. Galu akachita chiwewe, akuti wachitenga kwa iyo. Mapeto ake munthu amapaka Temik pa kanyama n'kukaponya kumunda, mankhwala amene anabwera kudzapha tizilombo ta m'nthaka m'minda ya fodya. Ine ndikuti mchitidwe umenewu ukutipweteka tokha.

Poyamba tiidziwe nyamayi, pakuti ambiri timangoimva kulira usiku koma sitinaiyang'anepo bwino. Nkhandwe ya kuno ndi yotuwa, ili ndi mzere woyererako m'nthiti zonse ziwiri, ndipo nsonga ya mchira wake ndi yoyera. Kukula kwake ndi ngati kagalu ka m'mudzi, makilogalamu 10 kapena kupitirirako pang'ono. Siyenda m'chigulu ngati mimbulu. Yaimuna ndi yaikazi zimakhala ziwiriziwiri zaka zambiri, ndipo zimalera ana mothandizana. Bere limatenga miyezi iwiri, ana amabadwa atatu mpaka asanu ndi mmodzi, kawirikawiri nyengo yotentha mvula isanayambe, m'dzenje la chulu chakale kapena m'una wosiyidwa ndi nyama ina.

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi imadya chiyani? Mukapeza ndowe zake m'mphepete mwa munda, tazitokosani ndi kamtengo. Mupezamo ubweya ndi timafupa ta mbewa, mapiko a ngumbi, miyendo ya ziwala, njere za masuku ndi nkhuyu. Nthenga za nkhuku simuzipeza kawirikawiri. Nkhandwe ndi mlenje wa mbewa, ndipo imagwira ntchitoyi usiku uliwonse inu muli mtulo, popanda kukufunsani malipiro a ganyu. Mbewa zomwezo ndi zimene zimafukula chimanga mukangobzala, kutha mtedza pa mkukwe, n'kudzalowanso m'nkhokwe. Anyamata okumba mbewa ndi moto wawo wa m'chilimwe sangafanane nayo. Iwo amabwera mwezi umodzi, n'kutisiyira tchire lopsa.

Sindikuti ndi yoyera mtima ayi. Ikapeza nkhuku yogona pansi kuseri kwa khitchini, itenga. Mtedza ndi mondokwa imalawanso. Komatu tizifunsa chimene chaifikitsa pakhomo pathu. Kuchokera ku Santhe kukafika ku Chamama, nkhalango ija inapita kuti? Maesiteti anagwetsa mitengo potsegula minda. Fodya wa fuluu anadya nkhuni m'mabani. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kuyambira 1990, aliyense anafuna milimo ndi mphanda za chigafa. Misuku imene inkadyetsa nkhandwe inathera momwemo. Tchire lalikulu latsala m'nkhalango ya Kasungu National Park, imene boma linaikhazikitsa mu 1970. Nkhandwe ya kunja kwa mpanda ilibe kwina kosaka koma m'minda mwathu.

Za nkhuku yankho lake ndi lapafupi. Ku America kuli mbale wake wina wa nkhandwe, wotuwanso, amene amakwera mitengo ngati mphaka. Yathuyi sikwera. Khola la m'mwamba, lokhala ndi chitseko chotsekeka bwino, makwerero n'kuwachotsa madzulo, basi nkhani yatha. Nkhuku zikamasowabe m'khola lotero, funani vumbwe kapena likongwe, kapenanso wa miyendo iwiri uja amakagulitsa pa msika wa Lachiweru.

Nkhani ya chiwewe ndiyo yofunika kuikamba mosabisa. Nkhandwe imadwala chiwewe ndithu, ndipo ku Zimbabwe matendawa akhala akubuka pakati pa nkhandwe za mtundu womwewu m'madera a mafamu. Koma bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwa anthu 100 ogwidwa chiwewe, ofika 99 amachitenga kwa galu. Akatswiri amanenanso kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera m'dera, matendawa amasowa podutsa. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ambirimbiri mu 2015 potsata nzeru yomweyi. Nanga ife kuno, alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, ndi angati timamanga galu chingwe n'kupita naye? Ambiri timati tili otanganidwa ndi kusoka fodya. Galu yemweyo ndiye amagona pakhonde pamene ana amasewera.

Nkhandwe yabwinobwino imathawa munthu. Mukaona ina ikuyendayenda masana pakhomo mosaopa, ikudzandira kapena kutuluka dovu, chotsanipo ana ndi ziweto ndipo dziwitsani alangizi a ziweto msanga. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira zizindikiro, pakuti zikaoneka ndiye kuti mankhwala palibenso.

Nyambo ya poizoni sisankha. Woyamba kuipeza nthawi zambiri ndi galu wa mnansi wanu, mwinanso wanu amene. Akhwangwala ndi miimba zikadya mtembo wake nazo zimagwa. Nkhumba yotayirira ikaitola, nyama yake ikathera m'mbale ya munthu. Mvula ikagwa zotsalira zimatsikira ku dambo kumene timamwetsa ng'ombe ndi kuthirira nazale.

Pempho langa kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi ndi lakuti wotchera nyambo yotere aziitanidwa pabwalo monga timachitira ndi wotentha tchire. Ndipo atsogoleri a makalabu a fodya, pamene mukulemba maina a ofuna feteleza, lembaninso nyumba zimene agalu ake sanabayidwe katemera chaka chino, mukapereke kwa alangizi.