Inisipekitala mukumulirayo ine ndinamuphera nkhuku

Pamaliro a mnzanga wina amene tinagwira naye choko zaka zambiri, ndinakhala pamsasa ndi madoda anzanga opuma pantchito, ndipo monga mwa masiku onse nkhani inakathera pa sukulu za makono. Ati ana sakutha kuwerenga. Ati aphunzitsi akungokhalira kutokosa foni. Kenaka mkulu wina wa tayi yake, amene ana ake onse anaphunzira sukulu zolipira m'tauni muno, anagamula mlandu: "Bwezerani inisipekitala wa nthawi ya Kamuzu, zonsezi zitha mawa lomwe." Msasa wonse unavomereza. Ine ndinangoti chete, poti pamaliro sipokanganirana. Koma lero ndiloleni nditsutse, ndipo nditsutsa monga munthu amene anayenderedwapo, n'kudzayenderanso anzake.

Inisipekitala mukumulirayo ine ndinamuona ndi maso angawa mu 1983, ndili mphunzitsi wa Sitandade 4 pasukulu ina yakumudzi imene sindiitchula dzina. Kalata yoti akubwera inafika kutatsala masabata awiri. Kuyambira tsiku limenelo maphunziro anaima. Ana anasesa, anazira makalasi, anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo yomwe osaisiya. Ife usiku tinali pa koloboyi kulemba masikimu ndi malesoni pulani a teremu yonse, tikusinthasintha zolembera kuti zioneke ngati tinkalemba tsiku ndi tsiku. Mabenchi tinakabwereka kutchalitchi. Phunziro langa la masamu tinaliyeserera kanayi, moti ana ankayankha ndisanamalize n'kufunsa komwe. Ndipo, Mulungu andikhululukire, ana asanu ndi mmodzi amene tinkawati a mitu youma tinawauza kuti tsiku limenelo akathandize makolo kudimba.

Bwanayo anafika pa Land Rover cha m'ma 10 koloko. Anayambira pa tayi yanga, kuti mfundo yake inali yopendekeka. Anatsegula rejisitala, napeza tsiku limodzi limene sindinawonkhetse. Anakhala kumbuyo kwa kalasi mphindi makumi awiri, ana anga akuyimba mayankho ngati kwaya ya pa Khirisimasi. Masana anadya nsima ya nkhuku kunyumba kwa ahedi (nkhukuyo inali yanga, ndipo ndinaipha ndekha), nalemba m'logibuku kuti sukulu ikuyenda bwino, koma aphunzitsi asamale za rejisitala. Pofika 2 koloko tinangoona fumbi. M'mawa mwake mabenchi anabwerera kutchalitchi, ana asanu ndi mmodzi aja anabwerera m'kalasi, osadziwabe kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 n'chiyani.

Tsono ndikufunseni, inu a tayi: munthu ameneyu anayendera sukulu, kapena anaonera sewero? Mantha mukuwatamawo ndiwo analemba sewerolo. Munthu ukamuopa sumuonetsa bala, umamuonetsa malaya ochapa.

Ndisaname, sionse anali otero. Panali mdala wina amene atandiona ndikusokoneza tizigawo anandilanda choko mwaulemu, natuma mwana kukathyola nzimbe, n'kuphunzitsa theka ndi kota poidula pamaso pa ana. Phunziro limenelo ndinaligwiritsa ntchito mpaka ndinachoka m'kalasi. Ndivomerenso kuti mantha aja ankathandiza pena: mphunzitsi wa kachasu ankaganiza kawiri asanalowe m'kalasi akudzandira. Koma mukamati kale ana ankakhoza, muzinenanso kuti ndi ana angati amene ankafika pasukulupo. Fizi inali sefa. Mwana wa mmphawi ankatsala kumudzi akuweta mbuzi, ndipo inisipekitala wanu sanalembepo lipoti la mwana ameneyo. Akanayamba bwanji, m'dziko limene kunena kuti denga likudontha kunkamveka ngati kuukira boma?

Ntchito imeneyitu sinayambe ndi Land Rover. Sukulu zoyamba m'dziko muno zinali za mishoni, ndipo ankaziyendera ndi amishoni eniake pamodzi ndi aphunzitsi awo odalirika, wapansi kapena panjinga. Boma la atsamunda linadzatsegula dipatimenti ya zamaphunziro mu 1926, patapita zaka ziwiri bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene ankaphunzitsa aphunzitsi oyendayenda, iwo pamodzi ndi akazi awo, kuti azikazungulira sukulu za m'midzi kuthandiza aphunzitsi anzawo pa kaphunzitsidwe, ukhondo ndi ulimi. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi pomwe panali anthu awiri olimbirana mpando umodzi: wina wobwera kudzagwira wolakwa, wina wobwera kudzathandiza wofooka. Zaka pafupifupi zana zapita, sitinagamulebe kuti tikufuna uti, ndipo nthawi zambiri timawathira onse awiri m'thumba limodzi n'kumadabwa kuti akulumana.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi kupulayimale. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Chinali chinthu chabwino, ndipo amene amachinyoza ndi amene sanabwezedwepo pasukulu chifukwa cha makwacha owerengeka. Koma walira mvula walira matope. Analembedwa ntchito aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri a iwo osadziwa ndi kagwiridwe ka choko komwe, n'kuponyedwa m'makalasi atangophunzitsidwa masabata ochepa. Maphunziro a MIITEP owasula ali pantchito anadzayamba mu 1997. M'zaka zomwezo dzina loti inisipekitala linayamba kununkha ulamuliro wachipani chimodzi, ndiye linachapidwa. Sukulu zinagawidwa m'mazoni oposa 300, zoni iliyonse ndi TDC yake ndi mlangizi wake, amene aliyense mpaka agogo akumudzi amangomuti a PEA.

Ine ndinali mmodzi wa a PEA amenewo. Njira yake inali yodziwika: uphunzitse zaka zambiri, ukhale hedi, ukayese mwayi pa intavyu, kenaka akupatse njinga yamoto, chisoti ndi sukulu khumi ndi zingapo. Tsiku limene ndinalandira kiyi wa njingayo ndinalumbira mumtima kuti ndidzakhala ngati mdala wa nzimbe uja. Chaka choyamba ndinayesadi. Ndinkakhala pansi pa mtengo ndi kamtsikana ka satifiketi ya JC kali ndi ana 150 patsogolo pake, tikuthandizana mmene angawagawire m'magulu, mmene angapangire zilembo ndi makatoni a sopo. Ntchito yokoma kuposa imeneyo sindinaigwireponso.

Koma pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kuti njinga ija sanandipatsire ana. Munthu yekhayo wokhala ndi mawilo m'dera lonse amasanduka mesenjala wa aliyense. Mafomu a chiwerengero cha ana, a PEA. Makalata osamutsa aphunzitsi, a PEA. Mabuku afika, mayeso ayandikira, ahedi akangana ndi komiti ya sukulu pa nkhani ya njerwa, mphunzitsi wamwalira pakufunika bokosi, a PEA. Bungwe lililonse lobwera ndi pulojekiti yake linkafuna a PEA kumaphunziro a sabata yathunthu kunyanja, ndipo ndisadziyeretse, alawansi yake ndinkailandira ndi manja awiri, poti malipiro anali a mwana. Mafuta a njinga akabwera mwezi uno, mwezi wamawa zii. Panali teremu ina imene ndinawerenga m'buku langa n'kupeza kuti ndaonerera maphunziro anayi okha, koma misonkhano ndakhalapo khumi ndi isanu ndi iwiri. Amene mukuti a PEA ndi aulesi, kawafunseni kaye kuti sabata yathayi anawatuma kuti.

Pali chinanso chimene okonza zinthu sanachiganizire. Lolemba ndimuuze mphunzitsi kuti, "Mwana wanga, ndiuze pamene pakukuvuta, ndabwera kudzakuthandiza." Iye n'kundiululira kuti masamu a Sitandade 7 sawamvetsa. Lachisanu ine yemweyo ndilembe lipoti lomuyeza, limene likhudze kukwezedwa kwake. Adzandiululiranso? Munthu mmodzi sangakhale nkhoswe ndi woweruza pa mlandu womwewo.

Koma chimene chinandithyola msana ndi ichi. Chaka china ndinalemba lipoti la masamba anayi la sukulu ina m'zoni mwanga: ana oposa 900, aphunzitsi asanu, zipinda ziwiri, chimbudzi chimodzi chogumuka, buku la Chichewa limodzi pa ana khumi, ndipo mvula ikangoyamba makalasi a pansi pa mitengo ankabalalika. Ndinalemba mosapsatira kuti vuto la pamenepo silinali aphunzitsi, ndipo kuti ngakhale mutabweretsa mngelo sangaphunzitse kuwerenga m'malo otero. Yankho linabwera patatha miyezi itatu kuchokera kwa wina wa pamwamba panga. Linali la mizere iwiri: lipoti langa silinatsate fomu yoyenera, ndipo ndizipewa ndemanga zosakhudza ntchito yanga. Mwezi womwewo ndinalemba za mphunzitsi wina wojomba Lolemba lililonse. Limenelo linayankhidwa m'sabata imodzi.

Apa ndiye pagona mkangano wanga ndi inu a pamsasa paja. Inisipekitala wa kale ndi mlangizi wa pambuyo pake, ngakhale wina anali wa ndodo wina wa kumwetulira, anali ndi chilema chimodzi: khosi lawo linkangoweramira pansi. Ankaona tayi ya mphunzitsi, rejisitala ya mphunzitsi, kujomba kwa mphunzitsi. Kutukula maso kuti aone amene sanatumize mabuku, amene anaunjika aphunzitsi m'tauni kumudzi kulibe, amene amasiya munthu pa PT4 zaka khumi ndi zisanu osamukweza, zimenezo ayi, si ntchito yake. Boma linadziikira lokha mlingo woti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Ndani analangidwapo chifukwa choti m'Sitandade 1 muli ana 150? Pa kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, ana athu a Sitandade 6 anali kumchira pa kuwerenga mwa maiko onse amene anayesedwa. Mukufuna kundiuza kuti chinachititsa n'choti aphunzitsi analeka kuvala tayi?

Poti tsamba lino amawerenga ndi okonda ndakatulo, ndikukumbutseni za Matthew Arnold. Mlakatuli ameneyu anali woyendera sukulu ku England zaka 35, kuyambira 1851 mpaka 1886, akukwera sitima tauni ndi tauni kukamvetsera ana a anthu osauka akuwerenga. Mu 1862 boma lake linakhazikitsa lamulo loti ndalama zopita kusukulu zizidalira mmene ana akhozera pamaso pa inisipekitala. Arnold, wolembedwa ntchito ndi boma lomwelo, analemba poyera kulitsutsa lamulolo, ndipo m'malipoti ake anapitiriza kunena kuti likusandutsa kuphunzira kukhala kuloweza. Ntchito sanamuchotse. Azungu aja tinawatengera logibuku, tayi ndi liwu loti inisipekitala. Tinangosiya chokhacho chimene chinali chaphindu, chakuti woyendera sukulu ali ndi ufulu wouza bwana wake kuti walakwa.

Sindikuti tilibe malamulo. Mu 2013 tinalandira lamulo latsopano la zamaphunziro m'malo mwa lija la 1962, ndipo mu 2015 unduna unatulutsa miyezo 26 yoyezera sukulu. Ndinaiwerenga yonse, ndi yolembedwa bwino. Koma sikelo ndi sikelo basi. Funso n'lakuti waigwira ndani, ndipo akayeza akauza yani.

Ndiye ngati mukufuna inisipekitala, nanenso ndikumufuna, koma osati wanuyo. Wanga akhale munthu amene anaphunzitsapo Sitandade 1 yakumudzi m'nyengo ya mvula, osati wongodziwa kuyankhula Chingerezi cha pa intavyu. Ntchitoyi isakhale mphotho ya ahedi otopa, kapena pobisalira amene choko chinawakana. Ikhale ndi maphunziro akeake ndi makwerero akeake, kuti munthu azikalamba nayo osasowa kupembedza wina aliyense kuti akwezedwe. Asiyane ndi mlangizi: mlangizi atsale mnzake wa mphunzitsi, ndipo amuchotsere mtolo wa umesenjala. Inisipekitala azifika osalengeza, adzipezere yekha nsima yake, ndipo asayambire pa masikimu. Ayambe watenga ana khumi, iye mwini akusankha, makamaka a kumbuyo kwenikweni, awapatse buku awerenge.

Ndipo lipoti lake lisakafere m'kabati. Liwerengedwe m'chinenero chimene makolo amamva, pamsonkhano wa komiti ya sukulu, amfumu ali pomwepo. Likhale ndi mbali ziwiri: zimene alephera aphunzitsi, ndi zimene alephera owatuma aphunzitsiwo, zonse ndi masiku ake oti zikhale zitakonzedwa. Pakutha pa chaka mkulu wa oyendera sukulu akaime ku Nyumba ya Malamulo, osati muofesi ya nduna chitseko chili chotseka, akanene kuti sukulu zingati anazipeza zopanda zimbudzi, zingati zopanda mabuku, ndipo mwa zimene ananena chaka chatha zakonzedwa zingati. Ndikudziwa, wina ati ndalama zake zichokera kuti. Kawerengeni kaye ndalama zimene zimathera m'maholo a kunyanja kukambirana za ubwino wa maphunziro, mubwere tidzakambirane za mafuta a njinga.

Mmodzi wa ana asanu ndi mmodzi aja ndinakumana naye zaka zingapo zapitazo padepoti ya basi, akunyamula katundu wa anthu pa wilibala. Tsitsi layamba kale imvi. Anandizindikira iye, nandipatsa moni wa ulemu wonse, "Aphunzitsi, muli bwanji?", n'kukana kulandira ndalama yanga. Pocheza anandikumbutsa yekha, akuseka, za tsiku lija tinawatumiza kudimba. Ati anasangalala kwambiri, poti anapuma sukulu tsiku lathunthu. Anandifunsa kuti kodi bwana uja anabwera kudzatani. Basi yanga inali italiza kale hutala, ndipo ndinakwera ndisanamuyankhe.