NTHANO ZA ZITHUNZI SI ZACIBWANA

Alipo akulu ena, ngakhale aphunzitsi amene, omwe akapeza mwana ali kuyang'ana nthano za zithunzi m'nyuzipepala amamkalipira kuti ali kutaya nthawi. Akuluwa alakwa, ndipo mbiri ya nthanozi ndiyo mboni.

Nthano zimenezi zinakulira mu mzinda wa New York ku America. Masiku amenewo mzindawo unadzala ndi alendo ocokera ku Germany, Italy ndi Russia, ndipo ambiri a iwo Cingelezi cinali kuwavuta. M'caka ca 1895 nyuzipepala ya New York World inayamba kusindikiza zithunzi za Richard Outcault za kamnyamata ka mpala, kobvala mkanjo wacikasu wolembedwa mau pamimba. Anthu anakakonda kotero kuti mu 1896 William Randolph Hearst, mwini nyuzipepala ina, ananyengerera wojambulayo ndi ndalama nam'tenga. Anthu a malonda salimbirana cinthu copanda pake. Iwo anaona kuti munthu wosadziwa bwino kuwerenga amagula pepala cifukwa ca cithunzi, ndipo pofuna kumva cimene cikuseketsa anzace, amayamba kugwira mau amodziamodzi.

Koma si malonda okha. Pakati pa ojambulawo panali amisiri eni-eni. Winsor McCay anayamba Little Nemo mu 1905, nthano ya mwana amene usiku uliwonse amalota ali ku dziko lacilendo. Mu 1908 anajambula kama wa mwanayo utamera miyendo yaitali, nuyenda mumseu ndi kulumpha madenga a nyumba. Pamene miyendo inali kukula, McCay anatalikitsanso mabokosi a zithunzizo, kotero kuti diso la wowerenga limakwera pamodzi ndi kamawo. Potsiriza pace, monga mwa masiku onse, mwanayo adzidzimuka ali kwao. Aliyense amene anakhalapo pamoto usiku ndi kumva gogo akukweza ndi kutsitsa mau posimba za Kalulu adzaizindikira nzeru imeneyi.

George Herriman naye, kucokera mu 1913 kufikira imfa yace mu 1944, anasimba nkhani imodzi yokha mu Krazy Kat: mbewa igenda mphaka ndi njerwa, mphakayo ayesa kuti n'cikondi, ndipo galu wapolisi atsekera mbewa m'ndende. Zaka 31 nkhani yomweyo, koma tsiku lililonse inali kubwera ndi cobvala catsopano.

Coipa cinaliponso, ndipo sicifunika kubisidwa. McCay yemweyo anajambula mwana wa Ciafirika ngati cidole ca milomo yaikulu, cosalankhula zomveka. Ku Belgium, Hergé anacita cimodzimodzi ndi anthu a ku Congo m'nthano ya Tintin ya 1930 ndi 1931. Zimenezi zinali zamwano, ndipo ana ayenera kuuzidwa comweco. Komatu mwanowo unafika kutali cifukwa cithunzi ciri ndi mphamvu, ndipo wonyozedwa akakana kugwira colembera, ena adzapitiriza kumjambula monga afunira.

Muno m'Zambia boma linazindikira zimenezi mu 1971 pamene linayambitsa magazini ya ana a sukulu yochedwa Orbit, imene inali ndi nthano za zithunzi. Koma inali m'Cingelezi, ndipo gogo wa kumudzi sanapate kanthu.

Boma la Luangwa, limene akale amalichabe Feira, ndilo liyenera kutsogola pa nchitoyi. Nkhani zosimba ziripo zambiri m'midzi ya Mfumu Mburuma ndi Mfumu Mphuka: njobvu zimene zitha munda usiku umodzi, ng'ona zolalira amai potunga madzi, msodzi wopha nsomba ndi neti ya udzudzu ana ace akudwala malungo. Cikalata ca masamba atatu pa nkhani zotere cimathera kukulungira kapenta. Mabokosi anai a zithunzi, okhala ndi mau ocepa a Cinyanja kapena Cinsenga, angapacikidwe pa khoma la cipatala ca Katondwe, ndipo odikira dokotala angawawerenge mpaka kuwaloweza. Ojambula sayenera kucokera ku Lusaka, popeza m'sukulu iliyonse muli mwana amene amadzaza masamba a kumbuyo kwa kope lace ndi zithunzi, kawirikawiri mobisira mphunzitsi.

Malo ena oyenera ndi padoko, pamene Luangwa atsira m'Zambezi. Pamenepo pamakumana wa ku Zumbo amene anaphunzira m'Cipwitikizi, wa ku Kanyemba amene anaphunzira m'Cishona ndi m'Cingelezi, ndi mwini mudzi wa ku Feira. Cikwangwani ca mau okhaokha cimasiya wina kunja, koma cithunzi ca bwato lodzala kopitirira muyeso, madzi ali kulowa ndipo mvuu yatukula mutu, onse atatu angacimve asanakwere.