Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ngakhale mwambiwu umanenedwa kawirikawiri pouza munthu wovutika kuti adzuke yekha kukafuna thandizo, uli ndi phunziro linanso limene a zaumoyo ayenera kulisunga: mwini ululu ndiye amadziwa kukula kwake, ndipo ndi iyeyo amene amasankha khomo loti alowe. Mayi woyembekezera wa ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, akhoza kulowera ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, ku Bwaila mumzinda, kapena kwa mzamba wam'mudzi, ndipo pamodzi ndi kutalika kwa ulendo amaganiziranso ngati kumene akupitako akalandiridwa mwaulemu.

Mfundo imeneyi inakhazikitsidwa ngati chiphunzitso ku New Zealand, kumene namwino wa mtundu wa Māori, Irihapeti Ramsden, ataona mmene anthu akwawo ankanyozekera m'zipatala zoyendetsedwa ndi azungu, anaphunzitsa kuti woweruza ngati chithandizo chasunga ulemu ndi chikhalidwe cha munthu ndi wodwalayo osati dokotala, ndipo pofika 1992 mfundoyi inalowa m'maphunziro a anamwino a dzikolo. Kuno kwathu namwino ndi mayi wapakati amakhala a khungu limodzi, kawirikawiri a chilankhulo chimodzinso, koma mpata ulipobe pakati pa wophunzira wovala yunifomu ndi mlimi amene wafika ndi beseni, zitenje, lezala ndi pepala lapulasitiki, atatopa ndi ulendo wa pa njinga.

Boma linaletsa azamba kubereketsa m'chaka cha 2007, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anayambitsa ndondomeko ya uchembere wabwino imene inadalira mafumu, motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Midzi yambiri inaika chindapusa cha mbuzi, nkhuku kapena ndalama kwa mayi wochirira pakhomo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 mwa ana 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala, ndipo imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439. Phindu limeneli ndi lalikulu ndipo palibe woganiza bwino amene angafune kulibweza m'mbuyo, pakuti kutaya magazi kwambiri, kuthamanga kwa magazi kumene kumadzetsa kukomoka, ndi mwana wopingasa ndi mavuto amene mzamba sangawathe. Komabe mayi amene wabwera poopa kulipira mbuzi sanatsekule chitseko yekha, wachita kukankhidwa.

Achewa amadziwa kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, kutanthauza kuti wamng'ono satsutsa wamkulu pamaso koma amapeza njira yozembera. Mayi amene anakalipiridwa pa mimba yoyamba, kapena anavulidwa pamaso pa anthu popanda chotchinga, sakadandaula kwa aliyense. Amangoyamba sikelo mochedwa, amabisa kuti matenda ayamba, kapena amamwa mwanamphepo, mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka amene angathe kung'amba chiberekero, ndipo akafunsidwa amakana poopa kutukwanidwa. Namwino amene wafunsa modekha amamva zoona n'kupulumutsa moyo, pamene wofunsa mwaukali amangomva yankho limene mayiyo akuganiza kuti silimuputira mkwiyo.

Zimene mayi wakumudzi amapempha si zodula. Iye analangizidwa ndi anamkungwi pa chisamba, mwambo wa mimba yoyamba, kuti zakuchipinda ndi chinsinsi cha amayi, choncho amafuna kufundidwa chitenje poyezedwa, kuitanidwa mwaulemu, kuuzidwa chifukwa chake asanakhudzidwe, ndi kukhala ndi amayi ake kapena azakhali ake pafupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2018, linavomereza kuti mayi akhale ndi womuperekeza wa kukhosi kwake pa nthawi yobereka. Chimodzimodzinso pa kulera, mayi ayenera kufotokozeredwa njira zonse, ubwino ndi zovuta zake, kuti asankhe yekha pakati pa jakisoni, mapiritsi, lupu ndi yoika pamkono. Si mwambo uliwonse umene uyenera kusungidwa: chikhulupiriro chakuti kubereka kukavuta ndiye kuti mayi kapena mwamuna wake anayenda njira ndipo ayenera kuulula chimachedwetsa ulendo wa kuchipatala, ndipo kuchedwako ndiko kumadzetsa fistula, bowo lotulutsa mkodzo kapena chimbudzi mosalekeza. Koma amene angathetse chikhulupiriro chotere ndi anamkungwi ndi azamba omwewo, akaitanidwa kukhala pamphasa imodzi ndi anamwino m'malo motengedwa ngati adani.

Dera la Mpingu lili ndi chifukwa china chomvetsera kulemera kwa nkhaniyi. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa pa nthawi ya zipolowe, ndipo mu 2020 Khothi Lalikulu linalamula kuti amayi 18 apepesedwe ndi boma. Wogwiriridwa ayenera kulandira mankhwala oteteza ku HIV asanathe maola 72, koma sangafike msanga ngati akuyembekezera mafunso omutsutsa ndi mbiri yake kuwanda m'mudzi.

Anamwino nawonso ndi ochepa, amagwira usiku wonse nthawi zina opanda magetsi ndi zipangizo zokwanira, ndipo boma liyenera kuwapeputsira katunduyo ngati likufuna kuti akhale odekha. Pamodzi ndi zimenezo, makomiti a zipatala ndi mafumu ayenera kumafunsa amayi otuluka m'chikuta mmene anasamalidwira, pamalo poti alankhule mosaopa, ndipo mayankho awo aziwerengedwa molemera mofanana ndi chiwerengero cha ana obadwa. Chindapusa chikhoza kufikitsa mayi kuchipatala pa mimba imodzi, koma kuti abwerenso pa yachiwiri, ndiponso kuti adzatumize mwana wake wamkazi, zimadalira mmene anamulandirira.