Cakudya cambiri, mbale yaing'ono

Ku America kuli nyumba zambiri zodyeramo za anthu ocokera ku China. Pa Cipwitikizi nyumba yodyeramo amati restaurante. Zina mwa nyumbazi zili ndi lamulo lodabwitsa. Munthu amalipira kamodzi kokha. Akatero amadya cakudya ciliconse cimene afuna mpaka atakhuta. Akafuna kuwonjezera, amawonjezera. Salipiranso. Kadyedwe kotere amati bufete.

Mwana akamva zimenezi amasangalala. Amaganiza kuti kumeneko munthu ayenera kudzaza mbale mpaka pamwamba. Akuluakulu ena amaganizanso cimodzimodzi. Koma maganizo amenewa ndi olakwika. Pa bufete munthu wanzeru amatenga pang'ono. Amamaliza zimene watenga. Ngati njala ikadalipo, amapita kukatenga zina.

M'kati mwa nyumba yodyeramo

M'nyumbamo muli magome aatali. Pa magomewo pali mbale zikuluzikulu zacitsulo. Pansi pa mbalezo pali madzi otentha kuti cakudya cisazizire. Pamwamba pake pali galasi. Galasilo limateteza cakudya munthu akayetsemula kapena akatsokomola.

Zakudya zake ndi zambiri. Pali mpunga woyera. Pali mpunga wokazinga pamodzi ndi mazira. Pali cakudya ca ufa wa tirigu cowoneka ngati zingwe zazitali. Pali nkhuku ya msuzi wotsekemera ndi wowawasa. Pali nyama ya nkhumba, nyama ya ng'ombe, nsomba, nkhanu ndi ndiwo zamasamba. Kumapeto kuli zipatso, monga malalanje ndi mavwende.

Palibe munthu wogawa cakudya. Aliyense amatenga mbale n'kudzitengera yekha ndi cipande. Ena amadya ndi supuni ndi foloko. Ena amadya ndi timitengo tiwiri, monga amadyera ku China. Kawirikawiri ana aang'ono amalipira ndalama zocepa kuposa akulu.

Pali malamulo awiri ofunika. Loyamba ndi ili: munthu akapita kukawonjezera, amatenga mbale ina yoyera. Mbale imene wadyeramo kale siyenera kuyandikira cakudya ca anthu onse, cifukwa ikhoza kufalitsa matenda. Laciwiri ndi ili: cakudya ca pa bufete amadyera pomwepo. Cotsala m'mbale munthu sapita naco kunyumba, ndipo sangacipatse mlendo wina. Conse cimakatayidwa kudzala.

Kodi nyumba zimenezi zinayamba bwanji?

M'caka ca 1848 ku California, cigawo ca dziko la America, kunapezeka golide. Anthu ambiri a ku China anawoloka nyanja yaikulu kukafuna nchito kumeneko. Ena anakumba golide. Ena anamanga njanji yaitali imene inatha m'caka ca 1869. Moyo wawo unali wovuta. Anthu ambiri ankawasala. M'caka ca 1882 boma la America linaika lamulo loletsa anchito a ku China kulowa m'dzikomo. Lamulolo linathetsedwa m'caka ca 1943.

Popeza nchito zambiri ankawamana, ena anayamba kucapa zovala za anthu. Ena anatsegula nyumba zodyeramo. Ankaphika m'njira yokondweretsa anthu a ku America. N'cifukwa cake zakudya zina za pa bufete ndi zotsekemera kwambiri. Ndi zosiyana ndi zimene mabanja amadya kwawo ku China.

Nyumba za bufete zinaculuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Eni ake ambiri anacokera ku cigawo ca Fujian, m'mbali mwa nyanja, ku China. Nchito ya m'nyumba zimenezi ndi yaikulu. Ophika amayamba m'mawa kudula nyama ndi masamba. Amaima pafupi ndi moto maola ambiri. Otsuka mbale amaweruka usiku. Munthu amene amataya cakudya amataya thukuta la anthu amenewa.

Amatayanso thukuta la mlimi. Mpunga uli m'mbale sunagwe kucokera kumwamba. Mlimi anakonza munda. Anabzala mbewu. Anathira madzi ambiri. Anadikira miyezi ingapo kuti mpunga ukhwime. Kenako anakolola ndi kupuntha. Galimoto inanyamula matumba mtunda wautali. Nchito yonseyi imatha pa mphindi imodzi, mpunga ukalowa kudzala.

"Ndalipira ndalama zanga"

Munthu wina akhoza kunena kuti, "Ndalipira ndalama zanga. Cakudyaci ndi canga. Ndikacitaya, palibe amene waluza."

Mawu amenewa si owona. Munthuyo walipira kuti adye mpaka akhute. Sanalipire kuti ataye.

Mwini nyumba amaika mtengo umodzi kwa anthu onse. Amadziwa kuti ena amadya kwambiri, ena amadya pang'ono. Amawerengera ndalama za mpunga, za nyama, za mafuta, za magetsi ndi malipiro a anchito. Alendo akamataya cakudya, iye amagula cina cambiri. Ndalama zake zimacepa. Ndiye amakweza mtengo. Mtengo ukakwera, banja la ndalama zocepa silingathe kubweranso. Conco munthu wotaya cakudya amalakwira anzake amene sakuwadziwa n'komwe.

N'cifukwa cake nyumba zina za bufete zimapacika cikwangwani pa khoma. Cikwangwanico cimacenjeza kuti wosiya cakudya cambiri m'mbale adzalipira ndalama zina. Eni ake sacita zimenezi cifukwa ca nkhanza. Amafuna kuti alendo aziganiza asanatenge.

Munthu winanso akhoza kunena kuti, "Ine sinditaya. Ndidya zonse, kuti ndalama zanga zibwerere."

Uyunso walakwa. Mimba si thumba la cimanga. Ili ndi malire. Ndiponso mimba sinena msanga kuti yakhuta. Pamapita mphindi zingapo munthu asanamve kukhuta. Wodya mofulumira amapitirira muyeso asanadziwe. Kenako mimba imayamba kupweteka. Amadzimbidwa. Mwina amasanza. Tsiku la cisangalalo limasanduka tsiku la kulira. Ndalama zija sizinabwerere. Akuluakulu anati: ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Pali cinanso. Kawirikawiri mpunga ndi zakudya za ufa zimakhala koyambirira kwa gome. Zimenezi ndi zosakwera mtengo, ndipo zimakhutitsa msanga. Mwana amene adzaza mbale yake pomwepo amakhuta asanalawe nsomba, masamba ndi zipatso. Koma mwana amene atenga pang'ono pano, pang'ono apo, amalawa zakudya zambiri zatsopano. Mbale yaing'ono ndiyo imamudyetsa bwino.

Phunziro locokera ku China

Kwawo ku China, banja limadyera pamodzi pa gome limodzi. Mbale za ndiwo zimakhala pakati. Aliyense amakhala ndi kambale kake ka mpunga. Amatapa ndiwo pang'ono ndi timitengo take n'kudya. Kenako amatapanso. Palibe amene amakokera mbale yonse kwa iye yekha. Ana amaphunzitsidwa kuyamba apatsa ulemu agogo ndi alendo. Amaphunzitsidwanso kumaliza mpunga wonse wa m'kambale kawo.

Anthu a ku China amaidziwa njala. Kuyambira m'caka ca 1959 mpaka 1961 m'dzikomo munagwa njala yoopsa. Anthu mamiliyoni ambiri anamwalira. Patapita zaka, dzikolo linalemera. Cakudya cinaculuka. Anthu ena anayamba kugula cakudya cambiri pa maphwando pofuna kudziwonetsa, n'kumacisiya pa gome.

M'caka ca 2013 ku China kunayamba nchito yolimbikitsa anthu kudya zonse za m'mbale. Dzina la nchitoyo limatanthauza mbale yopanda zotsala. M'caka ca 2021 boma la China linaika lamulo loletsa kuwononga cakudya. Lamulolo limalola nyumba yodyeramo kulipiritsa mlendo amene wasiya cakudya cambiri. Limaletsanso kujambula ndi kuwonetsa makanema olimbikitsa kudya mopitirira muyeso.

Vuto limeneli si la dziko limodzi lokha. Bungwe la United Nations linawerengera cakudya cimene cinatayidwa pa dziko lonse m'caka ca 2022. Linapeza matani oposa mamiliyoni 1000. Zili ngati kutenga mbale 5 za cakudya n'kutaya imodzi. Pa magawo 100 a cakudya cotayidwaco, magawo 28 anacokera m'malo ogulitsa zakudya zophikaphika. Magawo 60 anacokera m'makomo mwa anthu. M'caka comweco anthu mamiliyoni oposa 700 anali pa njala.

Ndi zowona kuti mpunga umene mwana wamaliza ku America sungafike kwa mwana wanjala wa dziko lina. Koma anthu ambiri akaleka kutaya, minda, madzi ndi nkhuni sizipita pacabe. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mwana wamakhalidwe abwino pa bufete

Mwana wamakhalidwe abwino amasamba m'manja asanadye.

Amayamba wazungulira magome ndi kuwona zakudya zonse. Kenako amasankha.

Amaima pa mzere. Sakankha anzake.

Amatenga cakudya ndi cipande, osati ndi manja.

Cakudya cimene sacidziwa amatenga pang'ono kuti alawe. Cikamukomera amakatenganso.

Amaika masamba ndi zipatso m'mbale yake, osati nyama yokha.

Amadya modekha. Amatafuna bwino.

Akamaliza amakhala kaye pang'ono. Amamvetsera mimba yake. Ngati yakhuta, amaleka.

Pocoka amathokoza anchito a m'nyumbamo.

Udindo wa makolo

Mwana wa kalasi yoyamba sadziwa bwino kukula kwa mimba yake. Maso ake amafuna zonse. Conco bambo kapena mayi ayenera kupita naye ku gome. Ayenera kumuthandiza kusankha. Ayeneranso kumuteteza, cifukwa mbale zacitsulo zija ndi zotentha.

Makolo asamuikire mwana cakudya cambiri n'kumukakamiza kuti amalize. Kukakamiza kumaphunzitsa mwana kudya ngakhale atakhuta. Ndi bwino kumupatsa pang'ono, ndi kumuuza kuti akhoza kuwonjezera. Mwana akadziwa kuti cakudya cilipo, mtima wake umakhala pansi. Saphangira.

Mwana amatsanzira zimene amawona. Bambo akaunjika nyama m'mbale ngati culu, mwana adzacita cimodzimodzi. Mayi akasiya theka la cakudya, mwana adzaganiza kuti kutaya si mlandu. Phunziro lalikulu lili m'mbale ya makolo.

Ana ambiri a ku Tete ndi ku Niassa sanalowepo m'nyumba ya bufete. Koma pa ukwati ndi pa maphwando ena, nthawi zina cakudya cimaikidwa pa gome kuti aliyense adzitengere yekha. Pamenepo khalidwe ndi lomweli. Mwana amene ali kutsogolo kwa mzere akumbukire amene ali kumbuyo. Akatenga nkhuku yambiri, womaliza adzapeza msuzi wokha. Agogo amene anawona cilala ca 1992 akhoza kufotokozera adzukulu awo mtengo wa mbale imodzi ya nsima.

Cakudya cikaculuka, m'pamene khalidwe la munthu limawonekera. Pa bufete palibe womuletsa munthu kutenga. Amadziletsa yekha. Mwana amene waphunzira kutenga pang'ono, kumaliza, ndi kusiyirako anzake, adzalandiridwa bwino pa gome lililonse.

Mafunso okambirana kunyumba ndi kusukulu

1. Kodi pa bufete munthu amalipira kangati?
2. N'cifukwa ciyani munthu amatenga mbale ina yoyera akapita kukawonjezera?
3. Kodi cakudya cotsala m'mbale cimapita kuti?
4. Ndi anthu ati amene amagwira nchito kuti mpunga ufike m'mbale?
5. Kodi cimacitika n'ciyani mwana akadya mopitirira muyeso?
6. Funsani agogo tanthauzo la mwambi wa pusi uja.
7. Jambulani mbale. Muikemo mpunga pang'ono, ndiwo pang'ono ndi cipatso cimodzi.