Liwerengeni pepalalo musanakulungire usipa

Adzukulu anga, ndi nonse okonda chikhalidwe chathu, mawu oti "pepala" tidabwereka ku Chingerezi, pamene oti "kalata" adachokera ku Chipwitikizi. Pepala ndi mlendo pakati pathu. Makolo ankasunga mfutso m'chikwatu cha masamba a msuku, ndipo fodya ankapichira m'makoko a chimanga.

Koma mlendoyu sadachedwe kukhala mwini mudzi. Pamsika amakulungira mandasi, mtedza ndi usipa. Nyuzipepala yakale imakutira makope a ana asukulu, ikatha ntchito n'kuyatsira mbaula. Ngakhale majumbo timawatchula kuti mapepala apulasitiki, ngati kuti chilichonse chopyapyala ndi pepala basi! Kusataya chinthu ndi mwambo wabwino, ndipo sindikuutsutsa.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti dzanja lofuna chokulungira silisankha. Mwini nyumba akatsikira kulichete, achibale amagawana zovala, njinga ndi ziwiya mosamala, pamaso pa akuluakulu. Nanga mapepala a m'sutikesi? Amenewo amangokhuthulidwa. Ena ana amayatsira moto, ena amathera kuchimbudzi, otsala chiswe n'kumalizitsa.

Taganizirani za abambo amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka boma litaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndi ena amene adapita pambuyo pake kudzera ku TEBA. Ambiri adabwera ndi chifuwa cha fumbi la m'migodi. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa amene adadwala matendawa kapena TB m'migodi ina ya golide kuyambira mu 1965, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti lizilipira. Komatu salipira poona nkhope. Amafuna umboni woti munthuyo adagwiradi ntchito kumeneko: nambala yake ya kumgodi, chiphaso, mapepala a kuchipatala. Mayi wamasiye amene adasunga kakhadi kofiirirako ali ndi poyambira, pamene mnzake amene adakulungira usipa ayenera kuyamba kufufuza kutali. Paja safunsa adadya phula.

N'chifukwa chake ndikuti pogawa katundu wa malemu pazikhalanso munthu wodziwa kuwerenga, woti aone pepala lililonse lisanatuluke m'nyumba. Makalata a malo, satifiketi, buku la kuchipatala, ngakhale kalata wamba imene agogo adalembera mkazi wawo ali kutali, zonsezi zikhale ndi mlonda monga amakhalira manda.

Kusunga kwake n'kosavuta. Pepala limapangidwa ndi ulusi wa mitengo, motero adani ake ndi chinyezi, dzuwa ndi chiswe. Liikeni m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma ladothi, ndipo musalipindepinde poti limang'ambikira m'mapindo. Malisiti a m'mashini a masiku ano amafufutika okha, choncho ofunika afotokopeni akadali atsopano. Inu amene muli ndi mafoni, mukabwera kumudzi pemphani agogo akutsegulireni sutikesi ija, mujambule pepala lililonse, ndipo muwafunse kuti adalemba ndani, ali kuti, chaka chanji.